Kuyesa phindu la timabuku ta nyimbo za makolo

Pa maphunziro anga a kasungidwe ka zolembedwa zakale, phunziro lomwe landiganizitsa kwambiri chaka chino ndi la kuyesa phindu la chinthu tisanagamule zochisunga kapena kuchitaya. Aphunzitsi athu amati tiyambe tafufuza kumene chinthu chachokera, tisasokoneze m'mene mwini wake anachisanjira, ndiponso tisiyanitse mtengo wa pamsika ndi umboni umene chasunga. Mfundozi ndinaziyesa pa timabuku ta nyimbo za makolo tomwe banja lina la Amalawi ku Rosettenville linapeza m'sutikesi ya malemu bambo awo, amene anabwera kuno ku Joni pa Wenela, Kamuzu asanaletse maulendo a kumigodi mu 1974 ndege itagwa ku Francistown.

Ana a malemuwo anagawikana maganizo, ena akufuna kugulitsa, ena akuti zipite kumudzi ku Dedza. Kumbali ya ndalama, timabukuti n'topepuka ndithu. Mapepala afiira ndipo akuthetheka, mawaya omangira achita dzimbiri, njenjete zadya m'mbali, ndipo tsamba lina linamatidwa ndi selotepi yomwe yasiya banga. Pachikuto palembedwa kuti Chinyanja, zomwe zikupereka ganizo loti tinasindikizidwa chisanafike chaka cha 1968, pamene ku Malawi chilankhulochi chinayamba kutchedwa Chichewa.

Chimene chinandigwira mtima ndi pensulo ya malemuwo. Pansi pa nyimbo zambiri analembapo mudzi umene anazimva, ndipo pa nyimbo ina ya pamtondo, m'mene mayi akudandaula za mwamuna wotchona amene satumiza ngakhale kalata, anakhwatcha mawu aulemu omwe osindikiza anaikapo n'kubwezera mawu akuthwa amene amayi amaimbadi. Wogula mabuku akale angaone zokhwatchazi ngati chilema chotsitsa mtengo, koma kwa ine ndiye chuma chake, pakuti buku losindikizidwa lingapezekenso kwina pamene dzanja la munthu mmodziyu silingapezekenso. Komabe ngakhale pensuloyo ili ndi malire. Zilembo za do, re, mi zolembera nyimbo papepala, zomwe anabweretsa amishoni, sizisonyeza kugunda kwa munsi, kuomba m'manja, kapena m'mene ovomera amalowera woyambitsa asanamalize mzere wake.

N'chifukwa chake ntchito ya Hugh Tracey, amene anajambula mawu a oimba ku Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, ikadali yofunika. Iye anakhazikitsa nkhokwe ya nyimbo za mu Africa yotchedwa International Library of African Music mu 1954 ku Roodepoort, pafupi pomwepa, ndipo mu 1978 nkhokweyi inasamukira ku Rhodes University, mumzinda womwe lero ukutchedwa Makhanda. Nyimbozo zinasungika bwino, ngakhale kuti ine chimandiwawa n'chakuti zinakhala zaka zambiri kutali ndi zidzukulu za amene anaziimba.

Mwana wamkulu wa malemuwo atandifunsa maganizo, ndinati, “Amayi, musafulumire kugulitsa, ndipo musalole kuti mapepalawa amatidwe m'pulasitiki, chifukwa akamatidwa samatukanso bwino.” Tinagwirizana zojambula tsamba lililonse m'ndondomeko yomwe tinalipeza, kupempha amayi achikulire a m'bungwe lawo la maliro kuti aimbe nyimbo zomwe akuzikumbukira ife tikujambula mawu, kenaka banjalo lilembere kalata nkhokwe ya boma ya zolembedwa zakale ku Zomba.

Pamene tasiyana maganizo ndi pa nyimbo za chinamwali zomwe malemuwo anawonjezera pamasamba omaliza. Achinyamata akufuna zonse ziikidwe pa intaneti, koma ine ndalangiza kuti masamba amenewo ayambe aonedwa ndi anamkungwi akumudzi, ndipo banjalo lavomera kudikira yankho lawo.