Injini imazizira kamodzi pa tsiku

Sabata ino ndagona pagalaja masiku awiri, pa mpando wa minibasi wochotsedwa kale, udzudzu wa ku Salima ukundiimbira m'makutu. Zonsezi chifukwa cha Hilux imodzi.

Zina zonse zinali zamasiku onse. Lolemba mabuleki a Sienta ziwiri, Lachiwiri kalachi ya Probox, magetsi n'kuzima tili pakati powotcherera. Kunabweranso Nissan 1400 ya madala ena a ku Khombedza amene anamanga choki, ija yowonjezera petulo poliza injini yozizira, ndi waya kuti isamabwerere, kenako akudabwa kuti petulo akutha ngati akudontha. Imeneyo ndinamasula waya, basi.

Hilux ija ndi ya bambo wina wopikula usipa ku Senga Bay. Amanyamuka 4 koloko m'mawa kuti akafike ku Lilongwe msika usanadzaze. Chaka chatha anachotsa injini ya 4Y yakabureta n'kuikamo ya 3RZ ya ma injector, ndi kompyuta bokosi yake imene imalamula kuchuluka kwa mafuta olowa mu injini. Nyengo yotentha inkayenda bwinobwino. Mwera utayamba kuwomba mu Juni, inayamba kukana kulira m'mawa, anyamata onyamula nsomba n'kumaikankha mumchenga. Anapita nayo kwa makaniko wina, ndipo inayambadi kulira. Koma pofika kwa ife Lachiwiri madzulo inali ikutulutsa utsi wakuda, mapulagi ali bii, ndipo nditasolola dipstick oyilo ankanunkha petulo ndipo anali atakwera kupyola chizindikiro.

Lachitatu ndinatsata mawaya. Pa pulagi yolumikizira mawaya a sensa yoyeza kutentha kwa madzi panali tepi wokulungakulunga. Nditamasula ndinapeza sensa ndi yosalumikiza, m'malo mwake alumikizapo ka resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa pa waya, ka 5.6 kilo-ohm. Anzanga a zamagetsi mukudziwa tanthauzo lake. Sensa ya Toyota imawerenga pakati pa 2 ndi 3 kilo-ohm pa madigiri 20, n'kutsika kufika cha m'ma 300 ohm injini ikafika pa 80. Ndiye 5.6 ikuuza kompyuta kuti kunja madzi atsala pang'ono kuundana. Ku Salima! Galimoto ikukwera mapiri a msewu wa ku Lilongwe, injini ili moto, kompyuta ikuthirabe mafuta ngati ili pa Dedza usiku wa Julayi.

Mnzathuyo sindikumunyoza kwambiri, chifukwa maganizo ake anali ndi mutu. Injini yozizira imafunadi mafuta ochulukirapo. Petulo wina amamatirira m'makoma a manifold, njira yolowera mpweya mu injini, osasanduka nthunzi, ndiye muyeso wa nthawi zonse wa 14.7 za mpweya pa 1 ya petulo sukwanira poliza. Komanso petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol, wina wochokera ku Dwangwa, ndipo ethanol sachedwa kuuma kukatentha koma kukazizira amachita ulesi. Cholakwa chake n'chakuti anachiza m'mawa n'kupha tsiku lonse. Petulo wotsalayo amatsuka oyilo m'masilinda, maring'i n'kumadyeka, wina n'kutsikira mu sampu.

Vuto lenileni linali kwina. Amene anaika injiniyo anasiya waya wa STA uli lende, uja umauza kompyuta kuti sitata ikuzungulira kuti iwonjezere mafuta poliza. Thermostat nayonso anachotsa, monga mwa mwambo wathu kuno kunyanja, poti akuti imatenthetsa injini. Oxygen sensor, yoyeza mpweya wa mu utsi, inapita limodzi ndi catalytic converter yosefa utsi, sindikudziwa inagulitsidwa kwa ndani. Ndinalumikiza STA, sensa ndinaiyesa m'kapu ya madzi owiritsa pa mbaula ya mlonda, mita n'kuonetsa kuti ndi yamoyo. Ndinaibwezera, mapulagi atsopano, oyilo watsopano.

Apa ndiye tinayambana ndi abwana, eni galaja. Anabwera 3 koloko masana, anapotokola kiyi, injini n'kulira kamodzi.

"Yatheka iyi. Aimbireni eni ake."

Ndinati, "Bwana, injiniyi ndi yotentha. Matenda ake ndi a m'bandakucha. Ndiione mawa 4 koloko."

"Amisiri, galimoto ikagona pano ndani akulipira malowo? Inu mumakonda sukulu."

Mawu amenewo anandiwawa. Zaka zitatu ndakhala ndikupempha kamakina kowerengera kompyuta, kuti ndizingoona pa sikirini kutentha kumene kompyuta ikukhulupirira. Wideband, chida choyezera mu utsi ngati mafuta achuluka kapena achepa, sindinenanso, ndinasiya kuitchula. Yankho limakhala lomwelo, ndalama palibe, koma ya penti wa chikwangwani chapanja inapezeka. Ndimayeza mafuta ndi mphuno, ndi mtundu wa pulagi, ndi khutu, ndiye andiuze kuti ndimakonda sukulu. Thermostat yomwe ndinachita kuitanitsa ku Lilongwe pa minibasi, iwo akung'ung'udza kuti galimoto zonse za ku Salima zimayenda popanda. Zimayendadi, koma injini yosafika pa madigiri 82 m'mawa imachedwa kuchoka pa mafuta ochuluka aja.

Kiyi ndinaika m'thumba mwanga.

Lachinayi 4 koloko, mwera ukuwomba ndithu, inalira pa kiyi woyamba. Ndisanamwetulire n'komwe inayamba kutsokomola, mphindi isanathe n'kuzima. Tsopano resistor uja atachoka zobisika zinaonekera: idle valve, valavu yolowetsa mpweya injini ikamalira galimoto itaima, inali itamatidwa ndi mwaye, ndipo kapaipi kena ka vacuum kanali kong'ambika kunsi, kakuyamwa mpweya wakuba. Mafuta ochuluka aja ndi amene ankaphimba zonsezi. Galimoto ikanatuluka Lachitatu, bambo aja akanaima ndi usipa wawo pa Kamuzu Road kusanache, ndipo dzina loipa likanakhala langa.

Ndinatsuka valavu, ndinasintha paipi, thermostat inafika masana. Koma kuyesa sikukanatheka, injini inali itatentha kale. Ndinadikiranso usiku wina, petulo woyesera ndi malita awiri amene ndinagula ndekha.

Lachisanu inalira, liwiro la injini linakwera kupitirira maulendo 1,200 pa mphindi, inakhazikika pomwepo, kenako n'kumatsika pang'onopang'ono singano ya kutentha ikukwera, mpaka cha m'ma 700. Utsi woyera wa mame kwa kanthawi, kenako palibe. Mlonda anaomba m'manja.

Pa invoisi abwana analemba mapulagi, oyilo, thermostat ndi "kukonza mawaya". Masiku awiri aja sanaoneke paliponse, malita anga awiri akuti tikambirana kumapeto kwa mwezi. Ka resistor kaja ndakakhomera pa khoma pamwamba pa benchi langa. Loweruka m'mawa bambo aja anadutsa n'kundisiyira kajumbo ka usipa wofutsa.