Tatseka tokha, sanatitsekere

Sewero lathu la nyimbo latha usiku wa dzulo, pa tsiku lenileni lomwe linalembedwa pa maposita kuyambira pachiyambi. Eni holo sanatithamangitse, ndipo palibe woyimba, wovina kapena wa magetsi amene wapita kwawo malipiro ake atatsalira. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndikudziwa kuti ena mwatsegula uthengawu mukufuna kumva zomwezo basi. Mpamba wonse sunabwerere, sindibisa. Koma lendi ya holo tamaliza, oyimba zida ndi osoka zovala talipira, ndipo amene anaikapo ndalama zawo alandirako kangachepe. Ambuye Mulungu, zikomo, zikomo kwambiri. Mawu andithera, msana ukuwawa, tulo takana, ndiye ndingolemba.

Zomwe tadutsamo mukuzidziwa, sindibwereza. Ndemanga zija zitatuluka, wina akuti chigawo chachiwiri ndi chachitali mopweteka, wina akuti nyimbo zonse zikumveka ngati imodzi, mlungu wotsatira mipando inali pululu. Kenako inu okonda zisudzo munayamba kukangana, usana ndi usiku. Ena mumati olemba ndemanga atipha dala. Ena mumati vuto ndi posita yathu, yomwe munthu amatha kuiyang'ana osadziwa n'komwe kuti m'seweromo muli kuyimba. Panali ndi ena amene anayamba kubetcherana za tsiku lomwe titseke. Ndinkawerenga zonse, ngakhale anzanga ankandilanda foni.

Pakati pa mkangano umenewo ndi pomwe panatulukira Amayi. Dzina lawo andiletsa kulilemba, koma amene munabwera kangapo mukuwadziwa: Amayi aja a pa mzere wachitatu, a magalasi a chingwe, amene nthawi yopuma ikakwana samatuluka koma amatembenuka n'kumayang'ana kumbuyo milomo ikugwedera. Ine ndinkaganiza kuti akupemphera. Ayi ndithu, ankawerenga mipando yopanda anthu. Mwa onse amene ankatinena, iwo ndi amene mawu awo ankandilasa kwambiri, chifukwa sankatukwana kapena kuseka. Ankangoti holo ili ndi mipando yakuti, usiku wakuti munali anthu akuti, oyimba zida ndi angati, ovina ndi angati, choncho seweroli silifika kumapeto. Munthu wotukwana umatha kumunyalanyaza. Munthu wa masamu umutani?

Tsiku lina sewero litatha anandidikirira pakhomo n'kunena kuti, "Mwanangu, ndionetse mabuku a ndalama." Moyo wawo wonse agwira ntchito yowerengera ndalama, anapuma kalekale. Sanapemphe malipiro, ndipo nditatchula anandiyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka ndinasintha nkhani.

Amayi, ndikudziwa kuti muwerenga izi ndipo mundikalipira kuti ndachulutsa zonena. Pepani, lero lokha mundilole.

Chomwe anachita choyamba ndi kugawa ndalama zathu pawiri. Kwina anaika mpamba, ndalama zomwe zinapita tisanatsegule: kumanga siteji, kusoka zovala, kulipira anthu nthawi yoyeserera, kusindikiza maposita. Kwina anaika zomwe sewero limadya mlungu uliwonse likamaonetsedwa: lendi, malipiro, magetsi, kubwereka maikolofoni ndi zokuzira mawu, kuchapa ndi kusoka zong'ambika, gawo la wolemba nkhani ndi wopeka nyimbo. Atatero anati mpambawo tiuiwale kaye, wapita, kuulira sikuubweza. Sewero silitsekedwa chifukwa mpamba sunabwerere. Limatsekedwa pamene za pakhomo za mlungu umenewo zachepera zomwe mlunguwo wadya, m'thumba mulibe zoonjezera. Ndiye analemba nambala imodzi ndi cholembera chofiira, ya mipando yolipiridwa yomwe timafunika usiku uliwonse kuti tisamire, n'kuimata pakhoma la kachipinda kogulitsira matikiti. Pepala limenelo lidakali pomwepo, m'makona mwake mutapindika.

Mawu oti "yolipiridwa" anawadula mzere kunsi kawiri, ndipo chifukwa chake n'ichi. Ndemanga zitatipweteka, tinkadzaza holo ndi matikiti aulere kuti oyimba asamayimbire mipando, komanso kuti obwera aziona ngati zinthu zikuyenda. Ndi chizolowezi chakale m'zisudzo kulikonse. Amayi anakhala pa kampando m'kachipinda kaja, n'kumasanja zidutswa za matikiti m'milu, mulu uliwonse akumanga ndi kamphira. Mulu wa aulere unatalika kuposa wa ogula. Anati anthu si opusa, akadziwa kuti akadikira pang'ono alowa ulere, ngakhale amene akanagula amayamba kudikira. Anatseka khomo limenelo tsiku lomwelo. M'malo mwake anati mipando ya kumbuyo izigulitsidwa motchipa pa tsiku la sewero lokha, kwa amene wabwera yekha pawindo, ndipo makwaya ndi masukulu azigula pagulu motsitsa. Anati tichotse chionetsero cha pakati pa mlungu chomwe chinkangodya magetsi. Zinandiwawa, koma tinachotsa.

Pano ndithokoze wolemba nkhani yathu ndi wopeka nyimbo. Amayi atawaonetsa manambala, anavomera kuti gawo lawo la mlungu ndi mlungu liyambe ladikira mpaka ochita sewero atalipidwa. Ngakhale m'makampani akuluakulu a zisudzo zimachitika sewero likamapuma movutikira, koma palibe amene amakakamizidwa, ndipo awiriwa ali ndi mabanja. Achimwene, Mulungu akubwezereni pomwe mwachotsapo.

Mkangano wanu uja ndinaphunziramo zambiri, ngakhale unkandisowetsa tulo. Amene mumatikonda mumabwera ndi chitsanzo cha sewero la nyimbo la Les Misérables tsiku ndi tsiku: kuti pomwe linatsegulidwa m'Chingerezi ku Barbican ku London mu Okutobala 1985, olemba ndemanga ambiri analinyoza, koma anthu anakhamukira ku matikiti, mkulu woyendetsa seweroli Cameron Mackintosh analisamutsira ku Palace Theatre chaka chomwecho, ndipo mpaka lero likuonetsedwabe ku London. Zoona zimenezo, ndipo zinkandilimbitsa mtima. Amene mumatiyembekezera kugwa mumayankha ndi Carrie, lomwe mu 1988 linatsekedwa ku Broadway, dera la zisudzo ku New York, litangoonetsedwa maulendo 5 chitsegulireni, ndalama zoposa madola 7 miliyoni n'kulowa m'madzi. Zoonanso. Ndinafunsa Amayi kuti ife tili mbali iti. Anati zitsanzo zonse ziwirizo n'zongosangalatsa pakamwa, chifukwa aliyense amatola chomwe chikugwirizana ndi zomwe mtima wake wafuna kale. Iwo chomwe ankafuna kuti ndichiganizire ndi sewero lina la nyimbo la ku Broadway, Spider-Man: Turn Off the Dark.

Limenelo linadya madola pafupifupi 75 miliyoni kuti likonzeke. Linayamba kuonetsedwa mongoyesera mu Novembala 2010, ochita sewero ena anavulala, wotsogolera wake Julie Taymor anachoka mu Malichi 2011, ndipo linatsegulidwa mu Juni 2011 litaonetsedwa kale maulendo 182 oyesera. Olemba ndemanga analing'amba, ena osadikira n'komwe kuti litsegulidwe. Koma anthu ankapita ndithu, mwina chifukwa cha mbiri yoipa yomweyo, ndipo linatha zaka likuonetsedwa mpaka Januwale 2014. Komabe linatseka mpamba usanabwerere, chifukwa mlungu uliwonse linkadya madola oposa 1 miliyoni. Amayi anati taona mwanangu, ndemanga zoipa sizinaliphe, holo yodzaza sinalipulumutse, chomwe chinalimaliza ndi mimba yake yaikulu. Ife ndi kagulu kakang'ono, manambala athu pafupi ndi amenewo ndi nthabwala, koma masamu ake ndi omwewo. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kufunsa ngati holo ikuoneka yodzaza. Ndinkangoyang'ana nambala yofiira ija.

Za olemba ndemanga ndinene mosapsatira. Mmodzi wa inu ananena zoona pa chigawo chachiwiri, ndipo ndikumuthokoza ngakhale analemba ngati tinamulakwira kalekale. Tinadula nyimbo imodzi yathunthu ndi zokambirana zina, sewero linayamba kuthamanga. Nyimbo yomwe tinadulayo inali yokhayo yomwe mchemwali wathu wina ankayimba payekha. Anaiyeserera miyezi, abale ake anali atagula kale matikiti kudzamumvera. Nditamuuza anangokhala chete, n'kufunsa kuti ndiye pa malo amenewo aziima kuti. Usiku womwewo anali m'kwaya kumbuyo, akuyimba ndi mphamvu zonse. Achemwali, sindikudziwa kuti ndikuthokozeni bwanji. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga chikwama.

Wina mwa ife, sindimutchula chifukwa ankafuna kuthandiza, anabwera ndi nzeru yoti titole mawu awiri atatu abwino m'ndemanga yoipa ija, tiwaike pa posita yatsopano ngati kuti wolembayo anatiyamikira. Zimachitika kwambiri, mukaona posita ya sewero ili ndi liwu limodzi lokha m'mitengero muzikayikira. Amayi anakana kwamtuwagalu. Anati munthu amene wabwera chifukwa chonamizidwa amatuluka n'kukauza anzake khumi, ndipo ife chomwe chatitsalira ndi pakamwa pa owonerera basi. M'malo mwake posita yatsopano inangonena zomwe yakale inalephera kunena, kuti ili ndi sewero la nyimbo, oyimba zida ali pomwepo, limayamba nthawi yakuti n'kutha nthawi yakuti. Inu amene munkadandaula za posita ija, munali pa choonadi.

Ndiye pali mnyamata uja amene anatipempha chilolezo chojambula nyimbo yotsekera chigawo choyamba pa foni yake. Kakanema kake ndi kogwedera, mutu wa munthu wina ukutchinga theka la siteji, koma kwa nthawi yoyamba anthu anamva nyimbo zathu ndi makutu awo m'malo mowerenga zomwe wina wanena. Amayi, amene sakhulupirira chilichonse chosalembedwa, anaika kope pawindo kuti wogulitsa matikiti azifunsa aliyense kuti wamva kuti za seweroli. Masamba ambiri adzaza ndi mayankho awiri okha, kakanema kaja ndi "mnzanga anandiuza". Iwe mnyamata, zikomo. Wogulitsa matikiti wathu, amene umafunsa funso limenelo kwa anthu othamangira kulowa, ena akukuyankha mwamwano, zikomo.

Amene munapempha matikiti aulere masiku oyamba, ena mpaka a banja lonse, kenako ndemanga zitatuluka n'kusowa ngati simunatidziwepo, ndakuonani mwayamba kulemba kuti munkadziwa kuti tikwanitsa. Chabwino. Inunso a kampani ija munalonjeza kutithandiza, chizindikiro chanu tinasindikiza kale pa maposita, kenako foni yanu inayamba kumangoitana, Mulungu akudalitseni, ine ndilibe mphamvu zokwiya. Koma amene munalemba za maliro a sewero lathu musanalionepo ngakhale kamodzi, inu nokha ndikupempherabe kuti mtima wanga ufewe, pakadali pano sunafewe.

Amene munkatitsutsa koma mukugula tikiti, ena kawiri katatu kuti mukatsutse bwino, inu ndinu ena. Ndalama zanu zalipira ovina. Pitirizani kukangana.

Ochita sewero anzanga, oyimba zida amene munavomera kuchepetsedwa n'kumagwira ntchito ya anthu awiri, wa magetsi amene unkagona m'holo, amayi osoka amene munasoka diresi limodzi lija mpaka nsalu yeniyeni inachepera ulusi, woyang'anira siteji amene sunakwezepo mawu ngakhale tsiku lomwe katani inakana kutseguka: ndikubwera kwa aliyense payekhapayekha ndikagona kaye. Akunyumba, amene mwandipirira ndikudya chilili n'kumayankha mafunso omwe simunafunse, ndabwerako.

Koma Amayi. Mlungu womwe tinadutsa nambala yofiira koyamba ndinathamangira m'kachipinda kaja ndikufuula. Iwo osadzutsa mutu anati mlungu umodzi si kanthu, ndipatse malisiti a magetsi. Dzulo anthu ataimirira kuwomba m'manja ndinawayang'ana pa mzere wachitatu paja, anali atatembenuka, akuwerenga. Tikiti yawo ankagula okha usiku uliwonse, pa mtengo wonse, ati sangatseke khomo la ulere iwo n'kumalowera pawindo. Ambuye, muwasunge Amayi amenewa, muwapatse masiku ambiri ndi maso akuthwa. Ndinawafunsa ngati tsopano seweroli alikonda. Anati nyimbo zake n'zabwino, koma chigawo chachiwiri chidakali chachitali.

Amene mukufunsa ngati tidzalibwezanso, Amayi andiletsa kuyankha mpaka atatseka mabuku, ndipo akuti pali malisiti ena omwe sindinawapatse. Mawa m'mawa tikuphwasula siteji, holo ikufunika kubwezedwa madzulo ake. Amene muli ndi manja ndi sipanala, bwerani.