Tsiku limene mfuti ya amalume inang'ambika ku Chongwe

Loweruka lapitali tinakhala pakhonde ku Chilenje ndi anzanga awiri, nkhani inafika pa mfuti, wina akuti Mauser ndiye yolimba, mnzake akuti ayi Lee-Enfield ya asilikali akale ija siphwanyika olo utani. Ine ndinayamba ndakhala chete chifukwa ndinaonapo ndi maso angawa mfuti itang'ambika ngati nsungwi, ndipo zala ziwiri za amalume anga mpaka lero sizipinda.

Kunali kumunda kwawo ku Chongwe, dzinja, nguluwe zikumaliza chimanga. Mfuti yawo inali ya laisensi, ya mtundu wa Mauser, yowombera zipolopolo za saizi ya .30-06. Mmamawa tikudutsa padambo anaterereka, kamwa la mfuti linalowa m'matope, anadzuka nkupukuta kunja ndi malaya basi tikupitiriza. Ine ndinali mnyamata, ndinanyamula chabe chikwanje. Ataona nguluwe nkuwomba, kulira kwake sikunali kuja tinazolowera, kunali kouma kobaya m'makutu. Paipi inatseguka patatu kuchoka kutsogolo kubwerera mpaka pamene anagwira, mtengo wapansi unasweka, magazi ali chuchuchu pamkono. Anangoti mphwanga vula shati umange apa. Ndinamanga manja akunjenjemera.

Manje anthu ambiri sadziwa kuti mkati muja mumakhala presha yochuluka bwanji. Chipolopolo cha .30-06 chikaphulika imafika mpaka 60,000 psi, pamene tayala ya galimoto yaing'ono timapopa 30 ndi pang'ono. Mpweya wonse wotenthawo uli ndi njira imodzi yokha, kukankha chipolopolo kuti chituluke. Chikakumana ndi matope chimachepa liwiro mwadzidzidzi, mpweya umaunjikana kumbuyo kwake, ndipo kutsogolo kuja chitsulo nchopyapyala. Sikufunika matope ambiri ayi.

Chimene chinandikhudza nditakula nkuyamba kuwerenga za zinthu izi nchakuti bolt ya mfuti ija, chitsulo chimene chimalowetsa chipolopolo nkutseka paipi kumbuyo, sinasunthe olo pang'ono, ndipo nkhope yawo inali pomwepo kumbuyo kwake. Kapangidwe ka Mauser ka 1898 kali ndi mano awiri kutsogolo okiya bolt, ndi dzino lachitatu kumbuyo longodikira ngati awiriwo atathyoka, komanso mabowo otulutsira mpweya ndi chotchinga kuti moto usabwerere kumaso. Mwiniwake Paul Mauser anataya diso mu 1901 akuyesa mfuti ina, ndiye anthu aja ngoziyi ankaidziwa pafupi. Ine ndimakhulupirira kuti nchifukwa cha kapangidwe kameneka amalume akuona ndi maso onse awiri lero.

Anzanga aja ndinawauza kuti pa mkangano wawo onse aphonya. Nkhondo yachiwiri itatha, mmisiri wa mfuti wa ku America P.O. Ackley anatenga mfuti za asilikali zosiyanasiyana nkumaziika wonga wopyola muyeso dala kuti aone iti iyambe kuphwanyika, ndipo imene inapirira kwambiri inali Arisaka ya ku Japan imene anthu ankainyoza. Lee-Enfield imakiyira kumbuyo kwa bolt, ndi yabwino pa zipolopolo zake za .303 koma si yoti uzichita nayo chibwana. Chitsulo nacho chimanama, mfuti ya Springfield ya 1903 ya nambala za kufakitale zosafika 800,000 inawotchedwa molakwika kufakitale ndipo zina zinkasweka ngati galasi. Kumayiko ambiri a ku Ulaya mfuti isanagulitsidwe amaiyesa ndi presha yoposa ya masiku onse ndi 25 peresenti.

Koma zonsezi ndi nkhani ya kumbuyo kwa mfuti. Paipi ikatsekeka, dzina la fakitale silithandiza dzanja lako lamanzere chifukwa dzanjalo lili kutsogolo, pansi penipeni pa malo ong'ambikawo. Apa ndiye pamandiwawa, timakangana za Mauser ndi Enfield koma kusuzumira m'paipi palibe amene amakamba.

Ndipo si matope okha. Kumudzi mfuti imakhala miyezi itapachikidwa, mavu omanga ndi dothi aja amalowa m'paipi nkumata nyumba yawo yolimba gwa. Ena amaiwala kansanza kopukutira mkati. China choopsa ndi chipolopolo chakale chonyowa chimene chimangolira kuti phu mofooka nkukakamira pakati panjira, munthu nkuika china nkuwomba. Ukamva kulira kwachilendo, imani pomwepo, chotsani zonse muone mkati. Osayesa kuchotsa chotsekacho powomba.

Amalume anagula mfuti ina patapita zaka. Masiku ano asanatuluke amachotsa chipolopolo, amasolola bolt yonse, nkuloza paipi kumwamba kusuzumira kuchokera kumbuyo mpaka aone kuwala kozungulira bwino, kenako amamata kathepu kamodzi ka magetsi pakamwa pake, kameneko kamachoka kokha ndi mpweya chipolopolo chisanafike. Akagwa olo pamchenga wouma amakhala pansi nkuyambiranso zonse, nyama ithawe ithawe.

Mnzanga wa Enfield uja ndinamuona wasiya kuseka. Akuti ya adala ake ili ku Petauke yapachikidwa kudenga chichokereni chaka chatha, anatulutsa foni nkuwaimbira tili pomwepo kuti atate musaigwire kaye mpaka ndibwere kumapeto kwa mwezi.