Ndinakwera ku Chawe kasanu kufufuza komwe petulo ankathera

Fielder yanga ndi ya 2005, ya otomatiki, injini yake ndi 1NZ-FE ija ya malita 1.5 imene imapezekanso mu Probox ndi mu Sienta. Ndinaigula kwa munthu amene anali atayenda nayo kale zaka zingapo kuno kumudzi, ndiye inafika m'manja mwanga itagona kale m'magalaja ambiri. M'miyezi yotentha inkandiyendera makilomita 13 pa lita, nthawi zina kuposerapo ndikapita ku Blantyre msewu uli wopanda mathiraki. Kungofika Juni, zinthu zinasintha. Ndinkathira thanki kudzadza, kulemba makilomita m'kabuku, kudzathiranso n'kugawa: 10, kenako 10.4, kenako 9.8. Munthu amene anagonapo pa mzere wa mafuta akudziwa mmene makilomita atatu pa lita amawawira.

Madala amene amandikonzera galimoto ku Chinamwali anayamba ndi mapulagi. Tinasintha, palibe chinachitika. Kenako anati ma injector, timipope topopera petulo mu injini, ada, tinatsuka. Mnyamata wawo wina ali kunsi kwa minibasi anakuwa kuti, “Bwana, imeneyo ndi computer box, yatha basi!” Apo ndinaseka, koma mumtima ndinali nditayamba kuwerengera ndalama.

Amene anandipulumutsa ku computer box ndi mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira pa yunivesite pompano ku Chirunga. Anabwera ndi kachipangizo kabuluu kotchedwa ELM327, kochepa ngati bokosi la machesi. Kamalowa pa soketi ya mabowo 16 imene ili kunsi kwa chiwongolero, n'kumalankhula ndi foni kudzera pa Bluetooth. Tsiku loyamba kanakana. Magalimoto akale opangidwira msika wa ku Japan ali ndi soketi yomweyo ya OBD, koma ambiri salankhula chinenero chofanana ndendende ndi a ku Ulaya kapena ku America, ndiye mu pulogalamu ya pafoni umayenera kusankha kuti ndi Toyota ya ku Japan. Titasankha, manambala anayamba kuvina pagalasi la foni, ine pakamwa yasa.

“Ankolo, osamangoyang'ana,” anatero mnyamatayo. “Manambala ovinawo sakuuzani kanthu. Tiwasunge, tikawaone pa laputopu.”

Mawu amenewo ndi amene anasintha ntchito yonse. Ukamayang'ana foni galimoto ikuyenda umangokumbukira nambala imene yakuopsa. Ukasunga zonse mufayilo, mzere uliwonse ndi nthawi yake, umatha kufunsa kuti pamene nambala iyi inakwera, inzake inkatani.

Ndifotokoze pang'ono zimene kompyuta ya galimoto imachita, chifukwa ine ndinayendetsa zaka zambiri ndisakudziwa. Kuti petulo apse bwino, pamafunika magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Pafupi ndi fyuluta ya mpweya pali sensa yotchedwa MAF, imene imayeza mpweya wolowa, magalamu angati pa sekondi. Kompyuta imatenga nambala imeneyo n'kuwerengera nthawi yotsegulira ma injector. Ikatero imakanunkhiza utsi kudzera pa sensa ya oxygen ya ku ekizozi kuti ione ngati yalasa. Mpweya ukatsala wambiri mu utsi imawonjezera mafuta, ukachepa imachepetsa. Kuwonjezera ndi kuchepetsa kumeneko ndi kumene amati fuel trim, ndipo kumalembedwa m'maperesenti. Pali trim ya pompopompo imene imasinthasintha sekondi iliyonse, ndiye pali ya nthawi yaitali imene kompyuta imaloweza pamtima. Ukaphatikiza ziwirizo umadziwa kuti kompyuta ikudzikonza mochuluka bwanji.

Kuno kwathu trim ikakhala pamwamba pa 0 pang'ono si matenda ayi. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ndipo zimenezi zinayamba mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa. Ethanol amafuna mpweya wochepa, magalamu 9 okha pa galamu, ndiye petulo wosakaniza amafunika wochulukirapo kuti akwanirane ndi mpweya womwewo. Kompyuta imene inaphunzitsidwa ndi petulo wa ku Japan imangowonjezera maperesenti ochepa n'kupitiriza ulendo. Amene angathamangitse +4 kuti afike pa 0 angotaya ndalama zake.

Tinasankha zinthu zisanu ndi ziwiri zokha zoti tizisunga: liwiro, rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi), MAF, kutentha kwa madzi, kuponda kwa moto, ndi ma trim awiri aja. Galimoto yakale ngati yanga imayankha pang'onopang'ono, ukaifunsa zinthu makumi awiri nambala iliyonse imabwera mochedwa ndipo sizigwirizananso nthawi. Njira tinasankha imodzi yosasintha. Kuliza galimoto kunyumba m'mamawa, kuima mphindi ziwiri, kutsika mpaka ku Thondwe n'kubwerera, kenako kukwera phiri mpaka ku Chawe, n'kutsika. Munjira imeneyi muli zonse: malo athyathyathya, chitunda chachitali chokhotakhota, ndi mtsetse. Tauni yathu ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, ku Chawe ndi cha m'ma 1,500, ndiye mpweya umapepuka ukamakwera ndipo injini imagwira ntchito yeniyeni. Anyamata ogulitsa mabulosi m'mbali mwa msewu anafika potizolowera. Ulendo wachitatu mmodzi anatifunsa ngati tataya kanthu kumtundako.

Fayilo yoyamba inatuluka ndi mizere masauzande. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine kudekha kumandivuta. Mnyamata uja anandiphunzitsa kutaya kaye mizere yonama. Ukaponda moto mpaka pansi pachitunda, kompyuta imasiya kumvera sensa ya ku ekizozi n'kuthira dala mafuta ambiri kuti injini ikoke komanso isapse, ndiye trim ya nthawi imeneyo ilibe tanthauzo. Mphindi zoyambirira injini ikadali yozizira, chimodzimodzi. Potsika phiri phazi lili pambali, chimodzimodzinso. Zotsalazo tinazigawa malinga ndi rpm n'kupeza pakatikati pa gulu lililonse.

Chinaonekera msanga ndi ichi: galimoto itaima injini ikungolira, trim inali +18. Pa rpm 2,500 inkatsika kufika +5. Kaonekedwe kameneka kali ndi mwini wake. Ngati mpweya ukulowa mozemba penapake kuseri kwa MAF, pamene injini ikupuma pang'ono mpweya wakubawo umakhala gawo lalikulu, koma ukaponda moto umamira mu mpweya wambiri wolowera pakhomo. Zikanakhala kuti trim ikukwera ndikaponda moto, tikanakayikira pampu ya mafuta, fyuluta, kapena MAF yakuda. Tinasakasaka, n'kupeza kapayipi ka rabala kochokera pa chivundikiro cha injini katang'ambika kunsi, mbali yosaoneka. Tinasintha, tinachotsa waya wa batire kwa kanthawi kuti kompyuta iiwale zakale, tinayendanso njira yathu. Trim inabwera pa +4, kunjenjemera kwa pa maloboti kunatha.

Ndinagula Fanta ziwiri kukondwerera. Thanki yotsatira inandipatsa 10.3.

Ndinakhumudwa, komatu ndikanaganiza bwino ndikanadziwiratu. Kompyuta inkawonjezera +18 uja kuti ikwaniritse mpweya umene unalowadi, ndipo zinkachitika pamene injini imamwa pang'ono kale. Linali vuto lenileni, koma silinali wakuba amene ndinkamusaka. Ndinali nditakondana kwambiri ndi ma trim mpaka kuiwala mizati ina ya mufayilo.

Usiku wina magetsi atazima, laputopu ili ndi moto wa mphindi makumi atatu, ndinajambula mzere wa kutentha kwa madzi kuyambira kunyumba mpaka kubwerera. Unakwera mwaulesi kufika madigiri 58 pofika ku Thondwe. Pokwera phiri unafika 74. Potsika unagwa mpaka 51. Injini imeneyi thermostat yake, kachitseko kamene kamaletsa madzi kuzungulira mu redieta injini isanatenthe, imayamba kutseguka cha pa madigiri 82, kutanthauza kuti ikatentha siyenera kutsikanso kwambiri pansi pa pamenepo, kaya kunja kuli chiperoni chotani. Muvi wa pa dashibodi unkakhala m'munsi pang'ono mwa pakati, ndipo ine ndinkanyadira kuti galimoto yanga siwira.

Kenako ndinaika mzere wa rpm pambali pa wa liwiro, ndipo wakuba uja anaonekera nkhope. Pa makilomita 80 pa ola, pamsewu wa ku Thondwe, injini inkazungulira pa 3,000 ndi kanthu, pamene masana otentha imakhala cha pa 2,200. Magiya a otomatiki a Toyota a mtundu uwu salowa giya 4 madzi akakhala pansi pa madigiri 60 kapena chapompo, cholinga chake n'choti injini itenthe msanga. Yanga sinkatentha. M'mawa uliwonse wa Juni ndi Julayi ndinkayenda pa giya 3, wailesi ili m'mwamba, osamva kanthu. Onjezerani apo oyilo wolimba chifukwa chozizira, ndi injini yolira mokweza galimoto ikaima. Ma trim anali chete chifukwa kasakanizidwe ka mpweya ndi mafuta kanali kolondola. Injini inkangopuma mpweya wambiri kuposa umene ulendowo unkafuna, ndipo galamu iliyonse ya mpweya inkabwera ndi petulo wake.

Madala aja atamasula mabawuti awiri pomwe payipi ya kunsi ya redieta imalowera, pamene thermostat imakhala, munalibe kanthu. Bowo lokha. Iwo sanadabwe n'komwe.

“Aaa, mwana wanga, imeneyo timachotsa tonse. Zimenezo n'za kwawo kozizira. Kuno ikangokakamira yotseka, wapsereza gasiketi.”

Sindingawanyoze, chifukwa mantha awo ali ndi maziko. Thermostat yokalamba imakakamiradi, ndipo munthu amene waona injini zitapsa pa chitunda amasankha chimene chingamubwezere kasitomala wamoyo. Koma thermostat siinaikidwe chifukwa cha chipale chofewa. Ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha kumene inapangidwira, ndipo kuzizira kwa Zomba mu Juni n'kokwanira kuisokoneza. Mtengo wa kuchotsako mwini galimoto amaulipira pang'onopang'ono pa pampu, osadziwa kuti akulipira. Ndinaitanitsa yatsopano ku Limbe, ya madigiri 82, pamodzi ndi rabala yake. Anaiika akung'ung'udza.

Ulendo wachinayi madzi anafika 84 ndisanadutse Three Miles, giya 4 inalowa, ndipo potsika phiri sanatsike pansi pa 80. Mathanki awiri otsatira: 12.9 ndi 13.4.

Fayilo yomweyo inandichotsa khalidwe lina limene ndinatengera kwa oyendetsa minibasi, loika galimoto pa free potsetsereka. Ukatsika uli mu giya, phazi osaponda moto, injini ili yotentha ndipo ikuzungulira mokwera, kompyuta imatsekeratu ma injector, matayala ndi amene amazungulitsa injini. Ukaika pa free injini iyenera kumwa kuti isazime, mabuleki n'kumapsa okha m'makona onse aja. Tinawerengeranso za kuima injini ikulira. MAF imaonetsa magalamu 2.2 pa sekondi. Gawani ndi 14.7, chulukitsani ndi masekondi 3,600, mupeza magalamu pafupifupi 540, ndipo lita ya petulo imalemera magalamu 740 kapena kuposerapo pang'ono. Ndiye kuti ola limodzi pa mzere injini ikulira limadya pafupifupi makota atatu a lita. Masiku ano ndimazimitsa, mzere ukasuntha ndimaliza.

Ena andifunsa ngati tinalowa m'kompyuta kukasintha manambala. Ayi. Kompyuta ya Toyota ngati iyi sitsegukira aliyense, ndipo panalibe chifukwa. Amene amasinthadi ndi aja oika kompyuta zogula padera monga Speeduino kapena MegaSquirt, okhala ndi tebulo la mafuta limene amalikonza pa pulogalamu ya TunerStudio ndi sensa ya wideband, sensa ya ku ekizozi imene imaonetsa nambala yeniyeni ya kasakanizidwe ka mpweya ndi mafuta. Nzeru yake ndi yomweyi: kuyenda, kusunga, kutaya mizere yonama, kusintha chinthu chimodzi, kuyendanso njira yomweyo. Ukafuna 14.7 koma sensa yawerenga 15.4, kabokosi ka tebulo kameneko umakakweza ndi maperesenti 5. Mwana wa mlongo wanga wayamba kale kuiyang'ana mwachinyengo Corolla yakale ya agogo ake imene nkhuku zimaikiramo mazira ku Jali.

Ulendo wachisanu unali wongotsimikiza, komabe unatulutsa kanthu. Pa chitunda chomaliza tisanafike ku Chawe trim ikufika +9, pamene pena ponse ili pa +4. Tinatsuka MAF ndi mankhwala ake enieni, osakhudza kawaya kake ndi chala, inatsika pang'ono chabe. Ndikukayikira fyuluta ya m'thanki, chifukwa nthawi ya kusowa kwa mafuta ndinathirapo wa m'zigubu kangapo. Sindigula kanthu mpaka nditabwereka geji yoyezera mphamvu ya pampu.

Loweruka lapitali ndinadutsira ku Chinamwali kukathira mpweya. Madala anatsegula boneti okha osapemphedwa, anagwira payipi ya kumwamba ya redieta n'kubweza dzanja msanga.

“Yatentha iyi.”

Ndinawaonetsa foni: 88.

Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anapukuta m'manja ndi sanza. “Pano ndi Julayi. Mukaitsitsire ku Liwonde mu Okutobala, masana, mutanyamula matumba a chimanga. Mudzandionetsenso kafoni kanuko.”

Ndawauza kuti adzakwere nawo, akhale kutsogolo, foni adzagwire okha.