Ndinakakwera Yangwang U9 ku Zhengzhou, khosi likundiwawabe

Ulendo wanga wa ku China unali wa masipeya ngati nthawi zonse, Ethiopian kudzera ku Addis mpaka Guangzhou, kenako kuzungulira m'misika kusakasaka mashoko, ma bearing ndi tizinthu tina ta m'galaja. Koma katundu atalowa mu kontena ndinatsala ndi masiku angapo opanda chochita, ndiye mnyamata wina wa kwathu amene akuphunzira ku Zhengzhou anangonditumizira voisi kuti, achimwene inu mumakonda magalimoto, bwerani kuno mudzaone zomwe a BYD, kampani ya kuno yopanga magalimoto a magetsi, amanga, mukabwerera kumudzi mukakhale ndi nkhani. Ndinagula tikiti ya sitima yothamanga ija basi.

Kuchoka Guangzhou South kukafika Zhengzhou East ndi maola pafupifupi sikisi, sitima ikuyenda 300 pa ola koma tiyi m'kapu osatayika. Za sitimayi ndidzalemba tsiku lina. Chomwe ndinaona m'misewu, ku Guangzhou konko komanso ku Zhengzhou, ndi manambala a galimoto obiriwira ali ponseponse. Obiriwirawo ndi a magalimoto a magetsi ndi ma hybrid ochajidwa, abuluu ndi a petulo, ndiye ukaima pa maloboti umangomva matayala okha pa tara, mataxi ambiri phokoso la injini alibe.

Malo omwe tinapita ndi bwalo loyeserapo magalimoto limene BYD inatsegula mu 2025 chakufupi ndi bwalo la ndege la Zhengzhou. Muli msewu wa mpikisano wosakwana makilomita awiri, muli chimulu cha mchenga chachitali pafupifupi mamita 30 chomwe magalimoto amakwera, komanso dziwe lamadzi momwe amalowetsamo Yangwang U8, chi SUV chija chimayandama ngati bwato anthu mukuonera pa galasi. Zonsezo ndinaziona mothamanga chifukwa ine maso anali pa chinthu chimodzi, Yangwang U9, galimoto yawo yamagetsi yothamanga kwambiri.

Yangwang ndi dzina lomwe BYD imagwiritsa ntchito pa magalimoto ake odula kwambiri, monga momwe Toyota ilili ndi Lexus. U9 inayamba kugulitsidwa mu February 2024 pa mtengo wa 1.68 miliyoni yuan, ndalama zopitirira madola 230,000, mu kwacha musandifunse mungadwale. Ndi yamipando iwiri, yaifupi kwambiri moti denga limandifika m'chiuno chakumtunda, zitseko zimatsegukira m'mwamba, ndipo kulowamo ngati uli ndi kamimba ngati kanga ndi ntchito, umayamba walowetsa matako kenako miyendo imodzi imodzi, chipewa cha helimeti chikugunda denga. Mnyamata uja ankangoseka kuti achimwene mutuluka bwanji mmenemo.

Amene ankayendetsa anali mphunzitsi wa pabwalopo, ine mpando wa pasenjala, malamba atandimanga. Chingerezi chake chinali chochepa, Chitchaina changa ndi moni yekha, ndiye anangondionetsa ndi dzanja kuti mutu uwutsamiritse kumpando. Ine ndinaganiza kuti ndi mwambo chabe. Atangoponda, ayi ndithu, palibe kubangula kwa injini kokuchenjeza kuti zinthu zayamba, palibe kusintha giya koti upumireko, ndi kamluzu kakang'ono chabe kumbuyo kenako thupi lonse lakanikizidwa ku mpando ndipo m'mimba mwatsala kumbuyo. Pa pepala amati 0 mpaka 100 mu masekondi 2.36, ndipo nambala imeneyo ukaiwerenga siikuuza kanthu, koma ukakhala mkati maso amachita ngati achedwa kuona zomwe zikubwera. Msewu wowongoka wa pamenepo ndi wa mamita 550 okha ndiye usanameze malovu mabuleki afika, ndipo mabulekiwo ndi a carbon ceramic, amakoka moti malamba amakudula pachifuwa.

Koma ine monga munthu wa m'galaja chomwe chinandizunguza si liwiro ayi. Mota ya magetsi imapereka mphamvu yonse pompopompo, zimenezo timazidziwa, ngakhale ma SUV a magetsi a mabanja amanyamuka mochititsa mantha masiku ano. Nkhani ndi kulemera. U9 imalemera pafupifupi makilogalamu 2,475, kuposa Hilux ya double cab, pomwe Ferrari kapena McLaren za petulo zimasewera cha m'ma 1,500. Galimoto yolemera chonchi pa kona imayenera kugona mbali imodzi, mphuno kufuna kupita kutchire. Iyi simagona. Tinalowa kona yothina ndili ndagwira chitseko kudikira kuti ipendekeke, koma inangokhala fulati ngati yamatidwa pansi, matayala okha ndi omwe ankalira kusonyeza kuti akunyamula katundu weniweni.

Chinsinsi chake chili pawiri. Choyamba, ili ndi mamota anayi, tayala lililonse ndi mota yake ya 240 kW, zonse pamodzi 960 kW, mahatchi oyandikira 1,300. A BYD amaitcha e4. Kulibe difu yapakati, kulibe pulopela shafiti, kompyuta ndi imene imagamula kuti tayala ili lilandire mphamvu zingati ndipo imasintha kambirimbiri pa sekondi imodzi. Pa kona matayala akunja amapatsidwa mphamvu zambiri, amkati amachepetsedwa, ndiye galimoto imadzikankha yokha kulowa mu kona m'malo modalira siteringi yokha. Ndi chifukwa chakenso imatha kuzungulira pamalo amodzi, matayala a kumanzere akupita kutsogolo a kumanja akubwerera m'mbuyo. Zimenezi anationetsa pambuyo pake pa bwalo lonyowa, zokongola kuonera koma ndinangoganiza za mtengo wa matayala.

Chachiwiri ndi sasipenshoni yomwe amaitcha DiSus-X. Mashoko omwe ine ndimagulitsa amangolandira zomwe msewu wawapatsa. Awa amakankha okha, tayala lililonse palokha likhoza kukwezedwa kapena kutsitsidwa ndi mphamvu, ndiye ukaponda buleki kutsogolo kumadzilimbitsa kusagwade, pa kona mbali yakunja imadzikweza. Mu 2023 pomwe ankaionetsa koyamba anaiyendetsa ndi matayala atatu, limodzi lakutsogolo atachotseratu, komanso anaidumphitsa matayala onse anayi kusiya pansi. Palinso vidiyo ija inazungulira pa WhatsApp ikudumpha dzenje mumsewu ikuthamanga, yomwe anthu kumagulupu ankati tiitanitse ya pa M1. Ambiri amazitenga ngati masewera otsatsira malonda, ndipo kuvina kuja ndi masewera ndithu, koma makina omwe amaivinitsawo ndi omwewo amene amagwira matani awiri ndi hafu kuti asakugwetsere kunja pa kona.

Nanga kulemerako kukuchokera kuti? Batire. BYD inayamba mu 1995 ku Shenzhen ngati kampani yopanga mabatire a mafoni, amene anaiyambitsa Wang Chuanfu ndi katswiri wa chemistry, magalimoto anabwera pambuyo. Mu U9 anaikamo Blade battery yawo ya 80 kWh, ya mtundu wa LFP, lithium iron phosphate. Mtundu umenewu ndi wolemera poyerekeza ndi mabatire a nickel ndi cobalt omwe makampani ena a magalimoto othamanga amakonda, koma supsa msanga ndipo umapirira kutentha ndi kuchajidwa mobwerezabwereza. Apa ndi pomwe ndinaona kuti anasankha dala, anavomera kunyamula makilogalamu owonjezera kenako nkulimbana nawo ndi mamota komanso kompyuta. Ine ndikanakonda yopepukirako, kunena zoona, chifukwa pa mabuleki kulemerako umakumva ndithu, palibe kompyuta yomwe ingakubise. Pa pepala batire yodzaza imayenda makilomita 450 pa muyezo wa ku China wa CLTC, umene aliyense amadziwa kuti ndi wokomera, ndipo pa bwalo ukamaiponda chonchi nambala ya batire imatsika uli kuyang'ana. Kuchaja kwake ndiye kwachangu, imalandira mpaka 500 kW, kuchoka 30 kufika 80 peresenti mu mphindi 10, bola upeze chaja yamphamvu choncho.

Pomwe tinkadya madzulo, mbale yaikulu ya huimian, manudozi otambalala a msuzi wa nkhosa omwe anthu a ku Henan amanyadira, mnyamata uja anayamba kundiuza za mkulu wake wa galimotoyi, U9 Xtreme. Ndinali nditawerengapo kale koma ndinamusiya alankhule. Pa 14 September 2025, pa bwalo la Papenburg ku Germany, dalaivala wa ku Germany Marc Basseng anaifikitsa pa 496.22 km pa ola, kudutsa 490.48 yomwe Bugatti Chiron Super Sport 300+ inapanga mu 2019. Xtreme imeneyo ili ndi mahatchi pafupifupi 3,000, magetsi ake ndi a 1,200 volts pomwe U9 wamba ndi 800, mamota amazungulira mpaka 30,000 pa mphindi, ndipo akupanga 30 zokha. Ena amatsutsa kuti anathamanga mbali imodzi yokha osati kupita ndi kubwera monga malamulo a marekodi amafunira, zoona, koma ya Bugatti nayonso inali mbali imodzi.

Ine nambala yomwe ndimailemekeza kwambiri ndi ya ku Nürburgring ku Germany, msewu wa mpikisano wa makilomita 20.8 wodzaza makona ndi zitunda, kumene galimoto yolemera ndi batire lotentha sizibisala. U9 wamba inazungulira mu mphindi 7 ndi masekondi 17.9 mu 2024, Xtreme inabwera nkupanga 6:59.157, galimoto yamagetsi yogulitsidwa yoyamba kutsika pansi pa mphindi 7. Imene inali ndi rekodi isanabwere iyi inalinso ya ku China, Xiaomi SU7 Ultra ya zitseko zinayi pa 7:04.957, eya, Xiaomi yomweyi ya ma Redmi tili nawo m'matumbamu. Mnyamata uja anati achimwene ndiye mukagule Xiaomi poti ndi yotsikirako, 529,900 yuan basi, ndinamuuza kuti ayambe wamaliza sukulu adzandigulire.

M'mawa mwake ndinakwera sitima kubwerera ku Guangzhou kukatenga mapepala a kontena, khosi litauma mbali imodzi moti kutembenuka ndimatembenuka thupi lonse. Ajenti wanga atandiona anafunsa ngati ndinagona molakwika ku hotela, ndinangomuonetsa vidiyo pa foni, iye nkundiuza kuti mashoko aja mabokosi awiri sanafike kuchokera ku fakitale, tidikire Lachinayi.