Sabata ya katemera wa ng'ombe m'mudzi wina ku Gunungkidul

Ku Gunungkidul, boma la mapiri a miyala ya laimu lomwe lili kumwera chakum'mawa kwa mzinda wa Yogyakarta pachilumba cha Java m'dziko la Indonesia, ng'ombe siipita kudambo. Imakhala m'khola kuseri kwa nyumba, chingwe chili m'mphuno, ndipo udzu ndi madzi zimaipeza pomwepo. Ndiye kwa ife a ntchito ya ziweto palibe zolengeza kuti aliyense abweretse ng'ombe zake pamalo amodzi. Umayenda khomo ndi khomo panjinga yamoto, bokosi la ayezi lili kumsana: apa ng'ombe imodzi, apo ziwiri, patsogolo timbuzi.

Ndine dokotala wa ziweto, ndipo ndinabwera ku Yogyakarta kudzawonjezera maphunziro. Sabata yathayi ananditumiza kukathandiza anzanga a pa Puskeswan, kachipatala ka ziweto ka boma, amene amabaya katemera wa anthrax, matenda oopsa a ziweto amene amagwiranso anthu, m'mudzi wina kumwera kwa tauni ya Wonosari.

Lolemba sitinakhudze chiweto. Tinathera tsiku pakhonde la Pak Dukuh, amene ali ngati nyakwawa ya kachigawo ka mudzi, tikumwa tiyi wa shuga wambiri ndi kulemba mayina a eni makola. Popanda bambo ameneyu kutsogolera, palibe amene angakutsegulire khola. Ambiri mwa amene anabwera anali agogo, poti achinyamata anapita kukasaka ndalama ku Jakarta ndi m'mizinda ina. Anthu akulu pano amalankhula Chijava, osati Chiindoneziya chimene ine ndaphunzirako, choncho mnzanga wina ndiye ankandimasulira. Ine ntchito yanga inali kugwedeza mutu ndi kunena "nggih, Mbah" (inde, agogo) pamene pakuyenera.

Kuyambira Lachiwiri ndiye inali ntchito ya thukuta. Ng'ombe zambiri ndi zoyera za linunda, zotchedwa Peranakan Ongole, ndipo zina ndi zosakaniza ndi Simmental kapena Limousin, zazikulu zedi koma zosachedwa kuwonda chakudya chikachepa. Tisanabaye tinkafunsa kaye ngati ng'ombeyo ili ndi bere komanso ngati yalandirapo jakisoni wa antibayotiki posachedwa. Katemerayu ali ndi tizilombo tamoyo tofooketsedwa, ndiye akakumana ndi antibayotiki m'thupi amangofa osagwira ntchito. Zikatero ng'ombeyo imalembedwa pambali kuti tidzaibwerere.

Tinafika nthawi ya chilimwe, ndipo chilimwe cha kuno n'chankhanza mwa mtundu wake. Mvula imagwa yambiri pa nyengo yake, koma miyala ya laimu ili ndi mabowo ponseponse, madzi amangolowa pansi n'kukayenda m'mitsinje ya m'mapanga, monga wa Bribin. Pamwamba pamatsala gwa. Pafupifupi nyumba iliyonse imene tinalowa inali ndi thanki ya simenti yosungira madzi a padenga, ndipo ikauma banja limagula madzi kwa galimoto za matanki. Ng'ombe yaikulu imamwa zidebe zingapo patsiku, pamadzi omwewo ogula. Msipu nawo ukatha, amagula mapesi a chimanga obwera ndi malole kuchokera kumaboma ena. Mayi wina anandiuza akuseka kuti anagulitsa mbuzi kuti adyetse ng'ombe, ndipo chaka chikaipa amagulitsa ng'ombe kuti adyetse inzake.

Masana tinkadya kwa eni makola. Ankatipatsa tiwul, chakudya cha ufa wa chinangwa chouma chija ife timati makaka, kungoti iwo saphika ngati kondowole, amachita timibulu n'kuphika ndi nthunzi. Tsiku lina panabweranso mbale ya ziwala zokazinga, ndipo eni nyumba anadabwa kuona mlendo akutafuna osafunsa mafunso.

Lachinayi m'mawa foni inalira kuti mbuzi yafa mwadzidzidzi m'kachigawo koyandikana nako. Tinathamangira komweko. Lamulo loyamba pa imfa yotere ndi lakuti mpeni usayandikire. Tizilombo ta anthrax tikakhala m'nyama yosatumbula timafa nyamayo ikamaola, koma magazi akangokhudzana ndi mpweya timadzikuta m'chikhungwa cholimba, n'kukhala m'dothi zaka makumimakumi kudikira chiweto china. Tinatenga magazi pang'ono kukhutu kuti apite ku labotale ya boma ku Wates, mtembo tinauthira mankhwala opha tizilombo a fomalini, anyamata anakumba dzenje lakuya, tinakwirira. Zotsatira sizinatuluke pamene ndimachoka, ndipo mwina mbuziyo inangofa ndi kutupa mimba, koma sungachite mwayimwayi ndi matenda amenewa.

Chimene chinandigwira mtima ndi nkhope za anthu amene anaima chapatali. Sanali ndi mantha. Ankaona ndalama ikukwiriridwa.

Kuno kuli mwambo wotchedwa brandu. Ng'ombe ya munthu ikadwala mwakayakaya, amaizinga msangamsanga isanatsirizike, poti Chisilamu chimaletsa kudya chibudu, kenako anthu a m'mudzi amasonkha ndalama n'kugawana nyamayo m'milumilu. Ndalama yosonkhedwayo siifika pamtengo wa ng'ombe yamoyo, komabe mwini wake satsala manja lende. Mu 2023, ku Semanu m'boma lomweli, anthu oposa 80 anapezeka ndi zizindikiro za anthrax m'magazi atadya kapena kugwira nyama yotere, ndipo panali maliro. Manyuzipepala a m'mizinda analemba ngati kuti anthu akumudzi ndi mbuli zokonda nyama.

Ine nditakhala nawo masiku amenewa, sindikuvomereza. Pak Dukuh amadziwa bwino lomwe kuti anthrax imapha, ndipo anandifotokozera yekha za chilonda chakuda chimene chimatuluka pamkono wa wosenda. Koma ng'ombe pano ndiyo banki ya banja. Ndi fizi ya mwana, ndi ukwati, ndi chipatala. Amene amagula mulu wa nyama nthawi zambiri saifuna n'komwe nyamayo, akuthandiza mnansi, podziwa kuti mawa tsoka lomwelo likhoza kugwera khola lake. Kukana kugula ndiye kudzichotsa pagulu. Ife tikabwera ndi fomalini ndi fosholo timakhala tachotsa thandizo lokhalo limene mwini ng'ombe anali nalo, ndipo funso limene agogo ena anandiponyera madzulo a tsikulo linali lolunjika: "Pak Dokter, tikakwirira, adzandibwezera ndani?" Mnzanga womasulira anayankha mwaulemu za kufunika kodziwitsa aboma msanga. Agogowo anangoti "nggih", nggih wa munthu amene wamva koma sanakhutire.

Lachisanu tinagwira theka la tsiku, poti amuna onse amapita kumzikiti masana. Tinamaliza makola otsala ndi kuona manambala a zikhomo za m'makutu, zimene zinafala kuno kuyambira 2022, pamene matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi anabukanso m'dziko muno patatha zaka zoposa 30 kulibe.

Poyerekeza mndandanda wa Lolemba ndi ng'ombe zimene tinabayadi, panasowa zingapo. Misika ya ziweto kuno imatsata sabata ya Chijava ya masiku asanu (Legi, Pahing, Pon, Wage ndi Kliwon), ndipo mavenda a ng'ombe, amene amawatchula kuti blantik, amazungulira m'midzi tsiku la msika lisanafike. Mbiri ya mbuzi yakufa ija itangomveka, eni ena anaopa kuti aboma atseka njira, anagulitsiratu motchipa. Ng'ombezo zinakwera lole usiku, zosabayidwa, ndipo m'lipoti langa ndalemba manambala a zikhomo zake kuti anzathu a kumsika aziyang'anira.