Gawo Limene Linasunthidwa: Zimene Ndondomeko za Owonera Zandiphunzitsa

Tsopano mtima wanga wakhala pansi, pakuti mfundo imene yakhala ikundizunguza mutu m'phunziro la kasanjidwe ka nkhani za pa kanema yalowa, ndipo yalowera pa khomo limene sindinkaliyembekezera. Chimene chandithandiza ndi ndondomeko za magawo a sewero la The X-Files, zija zolembedwa ndi owonera wamba amene sanatumidwe ndi kampani ya Fox, imene inkaulutsa seweroli, ndiponso sanalipidwe ndi wina aliyense. Sinditaya nthawi kufotokoza zambiri za Mulder ndi Scully, mwamuna ndi mkazi amene amafufuza limodzi milandu yodabwitsa m'seweroli, kapena kusiyana kwa magawo a chilombo chimodzi ndi magawo a nkhani yaikulu ya chiwembu cha boma, chifukwa anzanga amene tikuphunzira limodzi mukuzidziwa kale zimenezi.

Ndondomeko yolembedwa mosamala imaika zinthu zingapo pamutu pa gawo lililonse: tsiku limene linaulutsidwa, dzina la wolemba, dzina la wotsogolera, ndi nambala imene gawolo linapatsidwa pamene linkakonzedwa. Nambalayi anthu ambiri amangoidumpha pothamangira chidule cha nkhani, komatu m'menemo ndi mmene muli phunziro langa lonse. Taonani sizoni yachinayi, kumayambiriro kwa 1997. Gawo lotchedwa "Leonard Betts" linaulutsidwa pa 26 Januwale ndipo nambala yake ndi 4X14. Lotsatira, "Never Again", linaulutsidwa pa 2 Febuluwale, koma nambala yake ndi 4X13. Kenako pa 9 Febuluwale kunabwera "Memento Mori", 4X15, gawo limene Scully amapezeka ndi khansa. Manambala aja akuulula kuti magawo awiri oyambawo anasinthanitsidwa. Chifukwa chake n'chodziwika: usiku wa pa 26 Januwale Fox inkaulutsa masewero a Super Bowl, mpikisano womaliza wa mpira wa ku America, ndipo akatha masewerowo pankafunika gawo lochititsa mantha limene likanagwira ngakhale munthu amene sanaonepo seweroli. "Leonard Betts" linasankhidwa, ndipo linaonedwa ndi anthu oposa 29 miliyoni, kuposa gawo lina lililonse la seweroli.

Kusinthaku kunali kwa malonda chabe, koma taonani chimene kunachita ku nkhani. Mu "Leonard Betts", lolembedwa ndi Vince Gilligan, John Shiban ndi Frank Spotnitz, muli munthu wogwira ntchito mu ambulansi amene amameranso ziwalo zake zikaduka, ngakhale mutu umene, ndipo amakhala ndi moyo podya zotupa za khansa. Chakumapeto amamulumphira Scully namuuza kuti ali ndi chinthu chimene iye akuchifuna. Palibe dokotala amene wanena kanthu, koma wowonera wamva, ndipo Scully nayenso wamva. Gawolo limatha Scully atadzidzimuka usiku, magazi akutuluka m'mphuno ndipo ena atadontha pa pilo.

Sabata yotsatira owonera anakumana ndi Scully wachilendo. Mu "Never Again", lolembedwa ndi Glen Morgan ndi James Wong, iye amafunsa chifukwa chimene alibe desiki yakeyake mu ofesi imene wagwiramo ntchito zaka zonsezi. Mulder ali ku tchuthi chokakamizidwa, Scully amapita yekha ku Philadelphia, amakumana ndi Ed Jerse, mwamuna amene banja lake langotha ndipo amamva chithunzi chodindidwa pa mkono wake chikumulankhula, ndipo nayenso Scully amalola kudindidwa kumsana chithunzi cha njoka yomeza mchira wake. Amene anaonera motsatira masiku oulutsira sakanachitira mwina koma kunena kuti uyu ndi mayi amene wazindikira kuti imfa ili pafupi ndipo akufuna kulawa moyo nthawi isanathe. Koma mukatsatira manambala, n'kuika "Never Again" poyamba, khansa ija kulibe. Chotsala ndi mayi wotopa ndi kuyenda m'mapazi a mnzake wa pantchito, amene akudzifunsa ngati moyo umene akukhala ndi wake kapena ndi wa Mulder. Zithunzi ndi zomwezo, mawu ndi omwewo, nkhope ya Gillian Anderson, amene amasewera Scully, ndi yomweyo, koma nkhani zatuluka ziwiri.

Apa m'pamene dzina la katswiri wa mafilimu Lev Kuleshov, limene ndinkangoliloweza pokonzekera mayeso, linakhala ndi moyo. Tonse tinauzidwa za kuyesa kwake ku Russia m'zaka zoyambirira za ulamuliro wa Soviet, pamene nkhope imodzi ya wosewera Ivan Mosjoukine inaikidwa pafupi ndi mbale ya supu, bokosi la maliro, ndi mkazi wogona pampando, ndipo owonera anaona njala, chisoni ndi chilakolako pa nkhope yosasintha. Ine ndinkaganiza za mfundoyi ngati nkhani ya zithunzi ziwiri zolumikizidwa m'kamphindi kochepa. Chimene ndondomeko za owonera zandionetsa n'chakuti lamulo lomwelo limagwira ntchito ngakhale pakati pa zigawo ziwirizo patadutsa masiku asanu ndi awiri, ndiponso kuti wolumikizayo sayenera kukhala katswiri wa luso. Akhoza kukhala munthu wa mu ofesi wosanja mapulogalamu, amene maganizo ake ali pa otsatsa malonda. Madontho a magazi pa pilo anagwira ntchito ya bokosi la maliro, ndipo gawo lonse lotsatira linasanduka nkhope ija imene timaiwerengera chisoni.

Kuchokera pamenepo ndakhala ndi njira yanga, ndipo ndikuikhulupirira kwambiri. Ndimajambula mzere pakati pa tsamba la kope, kumanzere ndimalemba magawo motsatira masiku oulutsira, kumanja motsatira manambala, ndipo paliponse pamene mindandanda iwiriyi yasemphana ndimaikapo chizindikiro chofiira n'kuonera magawowo m'njira zonse ziwiri, ndikulemba chimene munthu wa m'nkhaniyo akudziwa pa chiyambi cha gawo lililonse. Ndinganene mosaopa kuti tsamba limodzi lotere limaphunzitsa kasanjidwe ka nkhani kuposa mitu itatu ya buku lililonse limene tinapatsidwa, ndipo ndikanakhala ndi mphamvu ndikanalamula kuti aliyense wa chaka choyamba ayambire pamenepa asanamve dzina la katswiri ngakhale mmodzi. Njirayi imagwiranso pa masewero ena. Firefly mu 2002 inaulutsidwa mosokonezeka kwambiri, moti gawo limene linayenera kutsegula nkhani linabwera pa mapeto.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nditatchula gwero la mfundoyi, aphunzitsi ena anandiuza kuti zolemba za okonda masewero si zinthu zoti wophunzira wa pa koleji aziikamo mtima, chifukwa palibe amene anazipima. Mbali ina ndikuwamvetsa. Ndondomeko zimenezi zimakopana zolakwa, zina zimasakaniza mphekesera ndi zoona, ndipo olemba ake amapereka malikisi kwa magawo motsatira chikondi chawo pa wosewera wina. Koma tsiku loulutsira ndi nambala ya gawo ndi zinthu zotheka kuzitsimikiza, ndipo munthu amene sakudya za kampani ali ndi ufulu wonena poyera kuti kusuntha gawo kunawononga kapena kunakonza nkhani, chimene buku lovomerezedwa ndi eni sewero limachinena monong'ona. Tinathera milungu yambiri tikuloweza matanthauzo, pamene maola awiri oonera magawo atatuwa akanatsegula maso a kalasi yonse. Nthawi nayo ndi mdani, chifukwa seweroli lili ndi magawo 202 kuchokera mu 1993 mpaka 2002, osawerengera a 2016 ndi 2018, ndipo wophunzira amene ali ndi maphunziro ena anayi sangawaonere onse kawiri, ngakhale bandulo ya intaneti itamulola.

Ndikubwereranso ku magawo awiri aja, chifukwa pali chinthu chimene chikusokoneza tsamba langa la mizere iwiri. Mu sizoni yachitatu, mu 1995, gawo la "Nisei" linamufikitsa Scully ku Allentown, kumene anakumana ndi amayi amene ankati anabedwa ndi zolengedwa za kumlengalenga monga momwe iye anabedwera m'sizoni yachiwiri, ndipo anamuuza kuti mnzawo Betsy Hagopian akufa ndi khansa ndiponso kuti zomwezo zikuwadikira onse. Ngati zili choncho, Scully wa mu "Never Again" anali ndi chifukwa choopera matendawa ngakhale gawolo litaikidwa pa malo ake oyamba, ndipo kusiyana kumene ndakhala ndikukunyadira kungakhale kocheperapo kuposa mmene ndikukuonera. Tsamba langa limangoyerekeza magawo oyandikana, pamene wowonera wokhulupirika amanyamula m'mutu zaka zitatu za nkhani.

M'nkhani imene ndiyenera kupereka kumapeto kwa teremu ndikufunika kusankha dongosolo limodzi loti ndiimepo. Olemba anakonza gawo lawo asakudziwa kuti magazi aja adzaoneka gawolo lisanaulutsidwe, ndipo zimenezi zikundikokera ku manambala. Komabe anthu mamiliyoni analandira nkhaniyo m'dongosolo la masiku, ndipo "Memento Mori" imalemera kwambiri ukaifikira utadutsa sabata ija ya mantha osatchulidwa. Sindinathe kuweruza ngati Scully weniweni ndi amene analembedwa kapena amene anaonedwa, ndipo ndikukayika ngati aphunzitsi adzalola kuti ndipereke nkhani yokhala ndi mayankho awiri.